Kulondola zipupa za amalume, kuchoka ku Tete mpaka ku Dómuè

Lolemba, 14 Julaye. Tete mpaka Ulónguè

Ndikulemba ndili m'kachipinda kolipira kuno ku Ulónguè, majuzi ndavala awiri koma zala zikukanabe kugwira foni bwinobwino. Ndinaiwala abale kuti Julaye wa kwathu ku Angónia si Julaye wa ku Tete, kumene kuja ngakhale mwezi uno masana umafunabe mthunzi.

Loweruka likubwerali kuli mwambo wa chiliza cha amalume anga, chaka chakwana chimwalirireni. Ndikanatha kungobwera Lachisanu ngati abale ena onse koma ndapempha sabata yathunthu kuntchito chifukwa pali chinthu chakhala chikundidya mumtima. Amalume anali wojambula. Dzina lawo lenileni tinkalidziwa ndife apabanja, ena onse ankangoti a Pintolo, ndipo zaka zoposa 40 anajambula masitolo, zigayo, mometera, matchalitchi a kumudzi, mitanda ya kumanda, kumbuyo kwa malole, paliponse pomwe munthu wawaitana. Pamaliro paja mpomwe ndinazindikira kuti ine mwana wa mlongo wawo, amene ndinayamba kuwanyamulira zitini ndili ndi zaka 7, ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha ntchito yawo. Ndiye ndati ndiyende ndikaone zomwe zatsala.

Ndadzuka 4 koloko, chopela, kanjinga kamoto ka mawilo atatu konyamula anthu, yandiwolotsa pamlatho wa Samora Machel kudakali mdima, Zambezi pansipo osaoneka, kumangomveka kafungo ka madzi. Amalume ankati anafika ku Tete ali mnyamata mlathowu usanathe, nthawi yomwe malole a simenti ankapita ku Songo usana ndi usiku kukamanga damu la Cahora Bassa, ndipo pomwe unkatsegulidwa mu 1973 iwo anali kale pagalaji ina akutsuka mapinseli a mzungu wolemba zilembo pazitseko za malole. Sukulu anangolekeza kalasi yachitatu ku mishoni ya Lifidzi. Mzunguyo sanawaphunzitse kanthu, iwo ankangoyang'ana, akapita kukadya n'kutenga pinseli kumayeserera pachigubu cha mafuta, akamva nsapato zikubwera n'kufufuta ndi malaya.

Chapa (minibasi) ya ku Angónia ndaipeza ili ndi anthu anayi okha, kobradolo, kondakitala wake, akuti tinyamuka pompano, tanyamuka 8 koloko itadutsa. 600 metikali, chikwama 50 yapadera. Pa Moatize fumbi lakuda la malasha lija lili paliponse, pamasamba, pamadenga, mpaka pa tomato wapamsika. Amayi ena a Chinyungwe omwe ndinakhala nawo moyandikana andithira masau m'dzanja osandifunsa n'komwe, ine Chinyungwe changa n'chothyokathyoka koma tagwirizana kuti a chaka chino ndi owawasa. Atsika pa Mussacama pomwe msewu wathu umapatukira, kusiya wopita ku Zóbuè. Pamenepo ndagula nyama ya mbuzi yootcha ya 50, yamchere bwino.

Kuyambira apo msewu umangokwera, milambe imatha, mphepo imasintha, ndipo pawindo umayamba kumva Chichewa cha kwathu, kachewere apa, kabichi apa, mbewa zatsopano achimwene. Tayala laphulika tili pakati pa tchire, takhala pansi m'mbali mwa msewu maola awiri kudikira jeke. Titanyamukanso dalaivala wafuna kubweza nthawi yotayikayo, kunena zoona ndinali ndi mantha, ndinagwira mpando wakutsogolo mpaka tafika.

Lachiwiri, 15 Julaye. Ulónguè

Lero mtima wandipweteka.

Ndinkaganiza kuti ndingotuluka n'kuyamba kujambula pafoni, chifukwa ndikukumbuka bwino kuti cha m'ma 1995 mzere wonse wa masitolo a kumsika unali wa amalume. Panali telala wojambulidwa ali pa makina ake tepi ili m'khosi, panali butchala pomwe ng'ombe yake inkakuyang'ana kulikonse komwe waima, panali kantini yomwe anajambula mayi akuthira tiyi nthunzi ikukwera. Ndayenda mzere wonsewo kawiri. Zonse zinapakidwa. Zipupa pano zili mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka kudenga, iyi yofiira psuu, iyo yachikasu, mitundu ya makampani a mafoni, pamwamba pake zotsalira za mapepala a kampeni ya chaka chatha. Eni masitolo sindikuwada ayi, munthu akakuuza kuti akupakira nyumba yonse ulere ukana bwanji tinta akudula chonchi. Enanso pano amangosindikiza chinsalu chapulasitiki pa kompyuta n'kukhoma. Koma zimawawa ndithu kuima pakhoma lomwe unagwirira makwerero uli mwana, ukudziwa kuti ng'ombe ija ili mkatimo pansi pa utoto.

Cha m'ma 11 ndinatopa n'kukhala pakantini ina, pau ndi tiyi wamkaka 35 metikali. Agogo ogulitsawo anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti mwanawe ukufuna chiyani wazungulira chizungulire kuyambira mmawa. Nditangotchula a Pintolo anaika ketulo pansi. Akuti iwe ndiwe kamwana kankayenda pambuyo pawo kaja, kamphuno zautoto. Ndalama ya tiyi anaikana, anaitana mdzukulu wawo kuti andiperekeze kwa mwana wa ometa wakale uja.

Ometawo anamwalira, mwana wawo ndiye akumeta pano ndi makina amagetsi. Ndinamufunsa za bolodi lija linkapachikidwa pakhomo, la mitu isanu ndi umodzi yoyang'ana cham'mbali, uliwonse ndi kametedwe kake. Anachita manyazi pang'ono kenako anati tiyeni kuseri achimwene. Bolodilo pano ndi chitseko cha khola la nkhunda. Analidula pakati, mitu yatsala itatu, mvula yadya mbali imodzi, koma makutu aja ali pomwepo, amalume makutu ankawajambula mosamala kuposa china chilichonse, ankati munthu ukamulakwitsa khutu nkhope yonse imakhala ya mlendo. Ndinagwada pamatosi pomwepo kuyang'ana pakona yakumunsi ndipo kanalipo. Kanamzeze kakang'ono ngati chala changa chachikulu, mapiko otambasula, mchira wogawanika.

Amene simukuwadziwa amalume, iwo sankalemba dzina pantchito yawo. Dziko litangolandira ufulu mu 1975 ankaitanidwa kulemba mawu a boma pazipupa za sukulu ndi m'misika, ndipo pansi ankasainira monyadira. Nkhondo itayandikira kwathu zinadziwika kuti dzina lopezeka pansi pa mawu otere likhoza kukuphetsa. Anayenda usiku ndi chitini cha njereza kufufuta dzina lawo paliponse pomwe akanatha kufika, ndipo kuyambira pamenepo mpaka imfa yawo sanalilembenso. M'malo mwake ankaika namzeze. Ndinawafunsapo chifukwa chake, anati nayenso amagwira ntchito ndi dothi pakhoma la eni.

Ndinapempha kugula chitsekocho, mnyamatayo anati ndalama ayi, mungondipezera thabwa lina nkhunda zisagone poyera. Tapita limodzi kwa kalipentala, 150 metikali. Panopa chili pansi pa bedi muno, chikununkha nkhunda chipinda chonse koma sindikuchitulutsa.

Lachitatu, 16 Julaye. Calómuè

Ulendo waufupi, sunakwane ola limodzi. Kuzizira kwake kuno ndi kwina, nkhungu inali itaphimba phiri la Dedza mpaka 10 koloko. Pamalire pano anthu amasakaniza metikali ndi kwacha m'thumba limodzi, chilankhulo n'chimodzi, maliro amayenderana.

Sindinabwere kudzafuna chipupa kuno. Ndinangofuna kuimanso pomwe tinawolokera mu 1986, ine, amayi anga ndi amalume, usiku, titasiya chimanga m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola. Bambo anga anali atapita kale, nkhani yawo ndi ya tsiku lina. Amalume ananyamula ine kumsana ndi kathumba ka mapinseli atatu basi. Tinakhala tsidya la Dedza zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa anthu a m'mudzi omwe anatipatsa malo omangapo tizisakasa.

Tinta kunalibe, ndalama yogulira kunalibenso. Ndiye anabwerera ku zomwe anaona kwa amayi awo, agogo anga, omwe ankakongoletsa nyumba ndi dothi lamitundumitundu akamazira. Ntchito yanga inali kukakumba katondo wofiira, kupera makala pamwala mpaka asalale ngati ufa, kukanda mwaye kudenga la khitchini, kusefa phulusa. Ankasakaniza ndi kaphala kopyapyala kuti zigwire. Mapinseli atatha anapanga ena ndi ubweya wa kumchira kwa ng'ombe womangirira kukansungwi. Pojambula pake panali pamasaka aja tinkalandiriramo ufa.

Chomwe sindidzaiwala ndi anthu omwe ankabwera madzulo, othawa anzathu, kudzapempha kuti awajambulire munthu yemwe anatsala m'njira kapena anaphedwa, woti chithunzi chake palibe. Amalume ankawakhazika pamphasa n'kumafunsa pang'onopang'ono, mphuno yake inali ngati ya ndani pano, nanga maso, ankaseka bwanji, anali ndi mphini. Munthu ankaloza mwana wake kuti chipumi ngati cha uyu, kuloza mlongo wake kuti milomo ngati iyi. Pena zinkatenga masiku atatu. Malipiro ake mbale ya nyemba, pena kungothokoza. Ndinaonapo bambo wamkulu ndithu atalandira saka lake n'kukhala chete nthawi yaitali kenako n'kuyamba kulilankhula.

Tsiku lina ananditengera kumapiri a Chongoni kukandionetsa zojambula za makolo pamiyala, zofiira zakalekale ndi zoyera zopaka ndi chala. Pano malowo ndi otchuka, UNESCO inawaika pamndandanda wake mu 2006, koma nthawi imeneyo tinangolondolera mnyamata woweta ng'ombe. Amalume anavula chipewa. Anati ona, awanso sanalembe mayina.

Amayi anga anamwalira tili ku Dedza mu 1990, anadwala sabata imodzi yokha. Anaikidwa tsidya ilo. Lero ndinali ndi mapepala onse oti ndiwoloke koma ndafika pageti miyendo yakana, sindikudziwa ngati mandawo ndingawazindikirenso, mtanda womwe amalume analemba unali wamtengo. Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. Mnyamata wina wosintha ndalama anabwera kudzandifunsa ngati ndadwala, nditamuuza anapita n'kubwera ndi mbatata yootcha yotentha, anakhala nane pang'ono osalankhula zambiri kenako anabwerera kuntchito yake.

Lachinayi, 17 Julaye. Dómuè

Usiku wathawu msuweni wanga anandiimbira foni kuti ngati ukufuna ntchito ya bambo yomwe sinakhudzidwe pita kuchigayo chakale cha mbali ya Dómuè, anajambula mkati osati kunja. Ine ntchito imeneyo sindinaionepo, nthawi yomwe ankaigwira ndinali nditapita kale kusukulu ku Tete.

Ndakwera njinga yamoto, tinagwirizana 400 kupita ndi kubwera. Msewu wafumbi, mabampu, timilatho tamitengo tomwe ndinkatsika n'kuwoloka wapansi chifukwa mtima sunkandilola. Woyendetsayo ndi mwana wamng'ono koma wosamala, ataona ndikunjenjemera ndi mphepo anavula jekete lake lapamwamba n'kundipatsa. M'madimba anthu ali kalikiliki kuthirira kachewere ndi kabichi, ngolo za ng'ombe zodzaza matumba zikupita kumsewu waukulu. Phiri la Dómuè limaoneka ngati layandikira koma osafika.

Chigayocho chikugwirabe ntchito, cha dizilo, phokoso lake lomva ndi m'mano momwe. Amayi ali pamzere ndi madengu awo. Mwini wake ndi bambo wachikulire wosamva bwino, ndinachita kukuwa kuti ndine muphwa wa a Pintolo. Anazimitsa injini pomwepo anthu ali pamzere, palibe anadandaula. Anandilowetsa n'kuloza khoma lakumbuyo. Poyamba sindinaone kanthu, khoma lonse linali mbee ndi ufa wa zaka ndi zaka. Anatuma mwana kukatunga madzi, anaviika chiguduli n'kuyamba kupukuta kuchokera kumanzere.

Munayamba kutuluka mapazi. Kenako miyendo, mitolo pamitu, mwana kumsana, njinga yomangirira nkhuku, bambo atasenza chitseko, agogo ndi ndodo, galu. Mzere wautali wa anthu kuchoka pakona imodzi kukafika pakona ina, onse kuyang'ana mbali imodzi. Bamboyo anati awa ndife, tikubwerako ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 koma ambiri tinadikira kaye tione ngati n'zoona, ife tinabwerera mu 1993. Akuti atatsegula chigayo anangopempha amalume kuti alembe mitengo yogayitsira pakhoma, iwo anati mitengo idzasintha, ndisiyireni khomali sabata ziwiri. Amayi aja anali atasiya madengu n'kulowa, wina akuloza kuti awo ndi apongozi anga, wina kuti uyo wa njingayo ndi malemu amfumu.

Chiguduli chitafika chapakati ndinamugwira dzanja bamboyo kuti aime. Panali mayi wamtali wa duku lobiriwira, mtsuko pamutu ataugwira ndi dzanja lamanzere, mpata pakati pa mano akutsogolo, timphini tiwiri patsaya. Amayi anga anali amanzere. Duku limenelo ndi lomwe anawafunditsa kumutu tsiku loika. Iwo sanabwerere, ali ku Dedza, koma mlongo wawo anawaika pamzere pakati pa anthu obwerera kwawo, akuyenda, ndipo zaka zonsezi sanandiuzepo.

Sindinathe kudzigwira. Amayi ena omwe sindikuwadziwa n'komwe anandigwira paphewa n'kumati lirani bambo, lirani, musabise. Ndajambula zithunzi zambiri koma mkatimo ndi mwamdima, sizikuoneka bwino. Kanamzeze kali pamwamba kutsogolo kwa mzere wonse. Potuluka bamboyo anandiuza kuti anthu opaka tinta a makampani a mafoni aja anafikanso kuno, anawalola kunja kokha. Injini italira ufa unayambanso kugwa pakhoma lonyowalo ine ndikuona.

Lachisanu, 18 Julaye. Kumudzi

Netiweki ikuvuta, ndachita kukwera pachulu. Abale afika ambiri, ena kuchokera ku Tsangano, ena ku Furancungo, ena tsidya la Ntcheu. Thobwa laphikidwa migolo iwiri, mbuzi zili pachingwe, ana akuthamangitsa nkhuku. Ndagona pang'ono masana, thupi lonse likuwawa ndi njinga ya dzulo.

Madzulo azakhali anandiitanira m'nyumba n'kutulutsa sutikesi yachitsulo ya amalume. Muli mapinseli okulungidwa m'nsanza yamafuta, rula yamtengo yodetsedwa ndi zala, kachingwe kaja ankapaka makala n'kukaomba pakhoma kuti mzere uwongoke, ndi pepala limodzi lopindapinda long'ambidwa m'magazini ya Tempo. Ndinalizindikira msanga. Ndi chithunzi cha ntchito ya Malangatana, wojambula wotchuka wa ku Mozambique, nkhope zothithikana, maso aakuluakulu, mano, palibe mpata ngakhale woponya singano. Amalume ku Maputo sanafikeko moyo wawo wonse, munthuyo sanakumane naye, koma ankamutchula ngati mnzawo wa kuntchito. Ankadziwa kuti anabadwira ku Matalana mu 1936, kuti apolisi a PIDE anamutsekera m'ndende nthawi ya atsamunda, ndipo ankati uyu akujambula zomwe ife timaziona kutulo n'kudzuka osauza munthu. Mu Januwale 2011 wayilesi italengeza kuti wamwalira ku Portugal ndinali pano patchuthi, amalume anatsuka mapinseli onse ngakhale anali oyera kale, tsiku limenelo sanapite kuntchito.

Ndinawaonetsa azakhali chithunzi cha kuchigayo. Anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ankadziwa, amalume anawauza kuti mwanayo adzachipeza yekha akadzakula mtima.

Kenako anandiuza chomwe anandiitanira. Chiliza chamangidwa, simenti yauma, koma sichinalembedwe. Akuti mitanda ya mudzi uno wonse analemba ndi amalume ako, ndiye wawo asalembe mlendo, ulemba ndiwe mwanangu. Ndinati azakhali ine pinseli ndinaisiya kalekale, ntchito yanga pano ndi ya mapepala. Anangonditsekera sutikesi n'kundiika pamiyendo.

Loweruka, 19 Julaye

Sindinagone. 5 koloko ndinali kale kumanda ndi msuweni wanga ndi akuluakulu awiri otiperekeza, tochi ya foni, kachitini ka tinta wakuda ka 250 metikali. Ndinayeserera kaye pakatoni katatu. Kachingwe kaja tinakapaka makala, msuweni anagwira uko ine uku, ndinakakoka pakati n'kukasiya, mzere unagwa pasimenti monga ankachitira eni ake ndipo fungo la tinta litangondifika m'mphuno manja anasiya kunjenjemera.

Dzina lawo lonse ndalilemba, chilembo chimodzichimodzi, ndikupuma pakati monga ankandiuzira kuti usamapume pinseli ili pakhoma. Aka n'koyamba dzinalo kuoneka pakhoma lililonse kuchokera nthawi ya nkhondo. Zilembo zanga sizikufika pa zawo, chomaliza chapendekera pang'ono mkati. Azakhali atabwera ndi amayi ena dzuwa litatuluka anayang'ana n'kufunsa kuti nanga kambalame. Ndinakaika pakona yakumunsi kudzanja lamanja.

Mwambo wayenda bwino, anthu anadzaza mpaka kumsewu, kwaya yaimba, nsima yakwanira aliyense. Mwini chigayo uja anabwera pangolo, sindikudziwa anamva kwa ndani. Tinta sanaumebe chifukwa cha kuzizira ndiye taika ana awiri azilondera mbuzi zisakhudze mpaka madzulo. Chapa ya ku Tete imadutsa pamsewu 4 koloko mmawa, ndiyenera kupeza chingwe chomangira chitseko cha nkhunda chija ndi sutikesi, kobradolo akanena mtengo wa katundu ndilipira.